Mafunso ndi mayankho: anthu oonera amamupanga chani wosewera?

Mafunso awa amangobwerabwera, kuchokera kwa makolo, makochi a matimu a ana ndi osewera eni ake, makamaka Lolemba timu ikaluza pakhomo Lamlungu. Ndawaika pamodzi, kuyambira ophweka kupita kwa ofuna kukhala pansi. Pamene yankho linaperekedwa kale ndingokulozerani, sindibwereza.

Kodi ndi zoona kuti munthu amasewera mosiyana anthu akamamuonera?

Eya, ndi zoona, ndipo si zamumutu zokha ayi, thupi lenilenilo limasintha. Mtima umagunda mwachangu, manja amachita thukuta, mpweya umafupika, minofu imakungika. Thupi likangozindikira kuti pali maso limadzuka, likhale gulu la anthu 40,000 ku Bingu National Stadium kapena ana asanu okhala pa chulu m'mbali mwa bwalo la sukulu. Chimene chimasiyana n'choti kudzuka kumeneku ena kumawathandiza, ena kumawagwetsa, ndipo munthu yemweyo zitha kumuchitikira zonse ziwiri mu gemu imodzi.

Anayamba kufufuza zimenezi ndani?

Amene amatchulidwa kwambiri ndi Norman Triplett wa ku Indiana University ku America, mu 1898. Mkuluyu ankakonda mipikisano ya njinga, ndiye poyang'ana nthawi zomwe opalasa ankapanga anaona kuti munthu akamapalasa ndi anzake amathamanga kuposa akakhala yekha kulimbana ndi wotchi. Kuti atsimikize anatenga ana 40, nkuwapatsa kamakina kokulungira chingwe ngati ka mbedza, nkuwauza kuti azipukusa mwachangu, pena payekha pena awiriawiri. Ana 20 anafulumira pamene panali mnzawo, 10 sizinawasinthe kwenikweni, koma 10 enawo anachita kusokonekera, kufunitsitsa kupambana kunawapangitsa phuma mpaka manja osagwiranso bwino. Anthu ambiri pofotokoza nkhaniyi amangotchula 20 aja, koma kwa ine ofunika kwambiri ndi 10 omalizawo, chifukwa pa timu iliyonse alipo.

Nanga n'chifukwa chani ena amachita bwino pagulu pomwe ena amabalalika?

Funso limeneli linavutitsa akatswiri zaka zambiri mpaka Robert Zajonc anabwera ndi yankho mu 1965. Iye anati gulu la anthu silikuphunzitsa chatsopano, limangotulutsa mwamphamvu chimene thupi lako linazolowera kale. Ngati chinthu unachichita kambirimbiri mpaka umachichita osaganiza, maso a anthu amachikometsa. Koma ngati ukuchiphunzira kumene, chimene thupi linazolowera ndi cholakwikacho, ndiye gulu limatulutsa cholakwikacho. Mnyamata wa mwendo wamanja amene wakhala mwezi umodzi akuphunzira kumenya ndi wamanzere, pa tireningi azimenya bwinobwino, koma pa gemu mpira ukabwera kumanzere mudzamuona akuuzungulira kuti aupeze ndi wamanja, difenda nkumulanda.

Zajonc ndi anzake anayesa mpaka mphemvu mu 1969, eti mphemvu zenizeni, zina zikuthamanga zina zili m'timabokosi m'mbali ngati masapota. Pa njira yowongoka zinkafulumira zikamaonedwa, pa njira yokhota zinkachedwa. Ena atabwereza zimenezi mu 2020 sizinatuluke ndendende choncho, ndiye za mphemvuzo musazigwire ndi manja awiri. Chitsanzo chomwe ndimachikonda ndi cha pool. Mu 1982 ofufuza ku America anayamba aonerera mobisa anthu akusewera, kenako anthu anayi nkukaima pafupi ndi tebulo kumangoyang'ana. Odziwa kusewera aja anakwera, kuchoka pa mashoti 71 pa 100 olowa kufika pa 80. Osadziwa aja anatsika kuchoka pa 36 kufika pa 25. Aliyense amene anaseweretsapo pool pa grosale madzulo anthu atazungulira tebulo akudziwa kuti sizonama.

Ndiye vuto ndi kupezeka kwa anthu chabe, kapena kuti akukuyeza?

Zonse, koma chachiwiricho ndiye chachikulu. Nickolas Cottrell anayesa mu 1968 kuika anthu omangidwa nsalu kumaso pafupi ndi munthu amene akugwira ntchito inayake, ndipo sanamusinthe ngati mmene anamusinthira anthu openya ndi chidwi. Apa ndi pamene pali yankho la chinthu chomwe makochi ambiri amadabwa nacho: mwana atha kusewera momasuka pamaso pa anthu 500 osawadziwa, koma kungomva kuti lero kwabwera munthu wodzasankha osewera kuchokera ku timu yaikulu, miyendo imalemera ngati wamangirira njerwa. Munthu mmodzi amene maganizo ake ali ndi ntchito pa moyo wako amaposa sitediyamu yodzaza.

Palinso kachitatu, kusokonezeka kwa chidwi. Mutu umagawikana, theka pa mpira theka pa amene akukuwa dzina lako kuseri kwa golo. Pa ntchito yongofuna mphamvu sizivuta, koma pa ntchito yofuna kuwerenga bwalo, ngati ya pakati, theka limenelo limasowa.

Wosewera wanga pa tireningi ndi dolo, koma tsiku la gemu amasowa. Ndi mantha kapena ndi ulesi?

Kawirikawiri si ulesi, ndipo kumukalipira kuti akuchita matama kumangowonjezera moto. Pali zinthu ziwiri zofanana maonekedwe koma zosiyana mankhwala ake.

Choyamba ndi chija cha mu funso lachitatu: luso silinakhazikike, limaoneka ngati lakhazikika chifukwa pa tireningi palibe amene akumuthamangitsa. Uyu akufunika kubwereza basi.

Chachiwiri ndi chopweteka kwambiri chifukwa chimagwira amene amadziwadi. Roy Baumeister analemba za izi mu 1984, ndipo kenako Sian Beilock anaziyesa kwambiri pa osewera gofu. Munthu akapanikizika amayamba kudziyang'anira yekha, phazi ndaponda pati, thupi ndaweramitsa bwanji, mpira ndiumenye ndi mbali iti, zinthu zomwe tsiku lililonse thupi limachita lokha. Yesani kutsika masitepe uku mukuganizira mwendo uliwonse mmene ukupindikira, muona kuti mwatsala pang'ono kugwa pa chinthu chomwe mwachita kuyambira muli mwana. Mtsikana wa ntchemberembaye amene amagoletsa teni pa teni pa tireningi, pa fainolo akayamba kuganizira chigongono chake, mpira umakagunda mkombero. Uyu safunika malangizo ambiri, akufunika ochepa, ndipo zoyenera kuchita zili mu funso la makonzekeredwe kumunsiku.

Bwanji akatswiri enieni amaphonya penate, pomwe ndi mamita 11 okha?

Chifukwa penate ndi malo okhawo mu mpira wamiyendo pamene gemu yonse imaima, anthu onse nkuyang'ana munthu mmodzi, ndipo munthuyo ali ndi nthawi yoganiza. Nthawi yoganizayo ndiye mdani. Roberto Baggio anaponya mpira kumwamba mu fainolo ya World Cup ya 1994 ku Pasadena. Asamoah Gyan wa Ghana pa World Cup, pa 2 July 2010 ku Johannesburg, Africa yonse ili pambuyo pake, anawombetsa chitsulo chapamwamba mphindi yomaliza Suárez wa Uruguay atagwira mpira ndi manja. Chomwe anthu amaiwala n'choti patangopita mphindi zochepa Gyan yemweyo anabweranso kudzamenya penate yoyamba ya Ghana pa mapenate otsiriza, nkumwetsa bwinobwino. Mwendo unali womwewo, golo yomweyo. Didier Drogba wa Ivory Coast nayenso anaponya kumwamba mu fainolo ya chikho cha Africa (AFCON) ya 2012 ku Libreville, Zambia nkudzatenga chikho pa mapenate 8-7, anyamata a Chipolopolo akuimba nyimbo pakati pa bwalo nthawi yonse ya mapenatewo.

Geir Jordet wa ku Norway wakhala akuonera makanema a mapenate a mipikisano ikuluikulu kwa zaka zambiri. Anapeza kuti penate yoti ukamwetsa timu yapambana imalowa koposa 90 pa 100, koma yoti ukaphonya timu yatuluka imalowa pafupifupi 60 pa 100 basi. Anapezanso kuti amene amathamangira kumenya wezulo ikangolira, ngati akufuna zingotha achokepo, amaphonya kwambiri kuposa amene amayamba aima kaye kupuma.

Kusewera pakhomo kumathandizadi, kapena timangodzinamiza?

Kumathandizadi, ndipo zimaoneka pafupifupi m'maligi onse a mpira padziko. Koma si zonse zomwe zimachokera kwa masapota. Alendo amafika atatopa ndi ulendo, agona malo achilendo, adya zachilendo. Eni ake amalidziwa bwalo, pamene mpira umadumpha, mbali yomwe dzuwa limathobwa m'maso hafu yachiwiri, kapeti ya pa Kamuzu Stadium kwa amene anazolowera udzu, kutentha kwa ku Karonga kwa timu yochokera ku Dedza. Ku La Paz ku Bolivia bwalo lili pamtunda wa mamita pafupifupi 3,600, ndipo mu 2009 Argentina ya Messi inakagwako 6-1, apo mpweya ndiwo unasewera kwambiri kuposa ochemerera. Ofufuza ena ku England, Neave ndi Wolfson, anapezanso mu 2003 kuti osewera amakhala ndi testosterone, homoni yachimuna ija, yochuluka asanayambe gemu yapakhomo, makamaka akamakumana ndi timu yomwe amadana nayo kwambiri, ngati tambala pakhomo pake.

Gawo la masapota lilipo ndithu. Amene analipo mu June 2008 Flames ikugonjetsa Egypt 1-0 ku Blantyre, chigoli cha Chiukepo Msowoya kumapeto kwenikweni, sangavomere kuti phokoso lija silinakankhe miyendo yotopa. Kungoti mbali yaikulu ya mphamvu ya masapota imadzera kwa munthu wina amene savala jezi ya timu iliyonse.

Mukutanthauza lifali? Ndiye kuti amakonderadi?

Ambiri sakondera mwadala, ndipo apa sindikunena za ziphuphu, imeneyo ndi nkhani ina. Mu 2002 Alan Nevill ndi anzake anatenga oyimbira 40 ku England nkuwaonetsa kanema wa gemu ya Liverpool ndi Leicester City ku Anfield. Ena ankaonera ndi phokoso la masapota, ena mwakachetechete. Amene ankamva phokoso aja anaimba mafawulo opangidwa ndi eni bwalo ochepa ndi 15.5 pa 100 poyerekeza ndi anzawo, chonsecho anali atakhala m'chipinda, palibe amene akanawagenda. Munthu ukakhala ndi kamphindi kochepa koti ugamule, ndipo sunaone bwino, kukuwa kwa anthu zikwi kumalowa m'mutu ngati umboni.

Ku Spain anawerengera nthawi yowonjezera nkupeza kuti eni bwalo akamatsalira ndi chigoli chimodzi lifali amawonjezera mphindi zochuluka, pafupifupi kawiri, kuposa pamene akutsogola ndi chimodzi. Ku Germany anaona kuti kukondera kotereku kumachepa m'masitediyamu omwe ali ndi njira ya othamanga pakati pa bwalo ndi masapota, chifukwa anthu amakhala patali. Mukadzakhala ku Bingu mudzayang'ane mtunda wochokera pa mpando wanu kufika pa laini, nkuyerekeza ndi bwalo la m'boma lomwe sapota amatha kumunong'oneza wa mbendera m'khutu.

Nthawi ya Covid mabwalo anali opanda anthu. Zinaonetsa chani?

Imeneyo inali ngati kafukufuku amene palibe akanaloledwa kupanga mwadala. Bundesliga itayambiranso pa 16 May 2020 mopanda oonera, kupambana kwa eni bwalo kunatsika, ndipo m'maligi ambiri makhadi achikasu opita kwa alendo anachepa, zomwe zikugwirizana ndi za lifali pamwambapa. Mu Premier League ya 2020/21 matimu oyenda anapambana magemu 153 pomwe apakhomo anapambana 144, chinthu chomwe chinali chisanachitikepo. Liverpool inali itasewera magemu 68 a ligi ku Anfield osagonja, Burnley nkudzaithyola mu January 2021, ndipo kuyambira gemu imeneyo inaluza pakhomo kasanu ndi kamodzi motsatizana. Anali ndi ovulala ambiri kumbuyo, zoona, koma Anfield yopanda anthu inali bwalo wamba.

Komabe mwayi wapakhomo sunatheretu konse, m'maligi ena unangotsika pang'ono, kusonyeza kuti ulendo ndi kuzolowera bwalo zili ndi gawo lake.

Kodi masapota ako omwe angakupweteke?

Kwambiri. Chikondi cha anthu ambiri ndi katundu, ndipo zinthu zikayamba kupendekeka katunduyo amakugwera. Brazil pa gemu yomaliza ya World Cup ya 1950 kwawo ku Maracanã inkangofunika kufanana mphamvu ndi Uruguay pamaso pa anthu pafupifupi 200,000, inaluza 2-1. Pa World Cup ina ya kwawo komweko, pa 8 July 2014 ku Belo Horizonte, Germany itamwetsa chachiwiri anyamata a Brazil anangoti balala, zigoli zinayi kulowa m'mphindi zisanu ndi imodzi, gemu nkutha 7-1. Kukanakhala koyenda mwina akanatseka kumbuyo nkuluza 2-0, koma pakhomo aliyense ankafuna kubweza msangamsanga anthu asanayambe kulira, nkumasiya malo ake.

Ivory Coast inaonetsa mbali zonse ziwiri mu mpikisano umodzi wa AFCON. Mu January 2024 inakwapulidwa 4-0 ndi Equatorial Guinea pakhomo ku Abidjan, kochi Jean-Louis Gasset nkuchotsedwa, timu nkupitirira mwamwayi chabe. Atatenga Emerse Faé palibenso amene ankayembekeza kanthu, katundu uja anatsika, ndipo gulu lomwe lija linasanduka mphepo yowakankha mpaka kugonjetsa Nigeria 2-1 mu fainolo pa bwalo lomwelo.

Nanga kukuwiza ndi kutukwana wosewera wa timu ina kumagwira ntchito?

Pena. Kwa wachinyamata kapena amene wangolakwitsa kumene kumamulowa. Kwa wokhwima nthawi zambiri kumangomudzutsa, mwamupatsa chifukwa. Chomwe ndaona kuti chimagwira ntchito nthawi zonse, mwatsoka, ndi kukuwiza wosewera wanu yemwe. Amayamba kubisala kuseri kwa mdani kuti asapatsidwe mpira, akaulandira amaubweza kumbuyo msanga, ndiye inu nkumati mwaona, tinanena kuti ndi manyaka.

Anzako a mu timu nawonso ndi "anthu ena". Amakusintha bwanji?

Apa pali chinthu chotembenuka. Anthu akamakuonera iwe pawekha umalimbikira, koma ukasowa m'chigulu umamasula dzanja osadziwa nkomwe. Max Ringelmann wa ku France, katswiri wa zaulimi, anayeza anthu akukoka chingwe ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 1913: anthu asanu ndi atatu pamodzi ankakoka pafupifupi theka chabe la mphamvu zomwe akanakhala nazo mutaphatikiza za aliyense payekha. Mu 1979 Bibb Latané ndi anzake anauza anthu kuti akuwe ndi kuwomba m'manja mwamphamvu zawo zonse, ndipo aliyense ankachepetsa akamaganiza kuti akukuwa ndi gulu. Amene analimapo pa dima akudziwa, mizere ikakhala ya aliyense payekha makasu amathamanga, mukangoti tonse tilime apa ena amayamba kusula khasu kawirikawiri.

Mu mpira zimaonekera pobwerera kukatchinga ndi pa makona, aliyense kuganiza kuti mnzake ndiye amugwira munthuyo. Mankhwala ake ndi kupereka dzina: iwe wako ndi nambala 9, akadumpha yekha tifunsa iwe. Mbali yabwino iliponso. Otto Köhler anaona kwa opalasa bwato ku Berlin m'zaka za m'ma 1920 kuti wofooka pang'ono amalimbikira koposa akadziwa kuti gulu lonse likudalira iye, bola kusiyana kwake ndi anzake kusakhale kwakukulu kwambiri.

Kwa othamanga ndi a njinga zimakhalanso chimodzimodzi?

Kwa iwowa anthu ena amathandiza pafupifupi nthawi zonse, chifukwa kuthamanga ndi luso lomwe thupi linazolowera kale. Roger Bannister pothamanga mailo imodzi mu mphindi 3:59.4 ku Oxford pa 6 May 1954 anali ndi anzake awiri omutsogolera, Chris Brasher ndi Chris Chataway. Eliud Kipchoge atayesa kutsika maola awiri pa marathon ku Monza mu 2017, pa bwalo la mipikisano ya galimoto pomwe oonera anali ochepa, anapanga 2:00:25. Ku Vienna pa 12 October 2019 anali ndi omutsogolera 41 osinthanasinthana komanso anthu odzaza m'mbali mwa msewu, anapanga 1:59:40. Omutsogolerawo amatchinga mphepo komanso amakuchotsera ntchito yoganizira liwiro, nsapato nazo zinali zina, ndiye sitinganene kuti ndi kuchemerera kokha. Ngozi yake kwa ongoyamba kumene ndi yodziwika: gulu limakunyamula pa makilomita awiri oyamba, pa lachisanu uli m'mbali mwa msewu wagwira m'chiuno.

Ndine kholo. Ndizipita kukaonera mwana wanga kapena ndimamusokoneza?

Mufunseni iyeyo, ndipo mumve yankho lake. Ana ambiri amafuna kholo lipezeke, chomwe safuna ndi kholo losanduka kochi wachiwiri pa laini, menya! patsira! wagonanso! pomwe kochi weniweni wanena zina. Onaninso funso lachinayi, inu ndinu munthu mmodzi uja amene maganizo ake amalemera. Ndinaonapo kamnyamata kena kakuseweretsa mpira bwinobwino hafu yoyamba, bambo ake atangofika pa njinga nkuima kuseri kwa golo, kanayamba kuyang'ana kumeneko pakatha pasi iliyonse. Pobwerera kunyumba musayambe ndi kuwerenga zolakwa, mugulireni kaye chinangwa chokazinga.

Ndiye tingakonzekere bwanji kuti gulu lisatibalalitse?

Choyamba, luso latsopano liphunziridwe pamalo opanda maso ambiri, ndipo likakhazikika mulitulutse pagulu pang'onopang'ono. Makochi ambiri amachita chotembenuza, kumuimika mwana pakati pa anzake 20 kuti ayese chinthu koyamba, akalephera onse nkuseka.

Chachiwiri, tireningi izikhala ndi mtengo wake nthawi zina. Mapenate amenyedwe kumapeto anthu atatopa, womenya ayende yekha kuchokera pakati pa bwalo, anzake akumukuwiza, wophonya asenze mabibu ndi mipira. England inali yotchuka ndi kuluza pa mapenate, koma kochi Gareth Southgate anawakonzekeretsa mwadongosolo ngati mmenemu, ndipo mu 2018 anagonjetsa Colombia, koyamba kupambana mapenate pa World Cup.

Chachitatu, wosewera akhale ndi kamwambo kake kosasintha: kuika mpira, masitepe omwewo obwerera m'mbuyo, kupuma kamodzi mozama, kuyang'ana malo amodzi, mawu amodzi m'mutu ngati "pansi" kapena "kona". Mutu ukakhala ndi kantchito kameneko susowa chochita nkuyamba kulondalonda mapazi. Ndipo kugunda kwa mtima kuja musamuuze kuti ndi mantha, ngakhale akatswiri amakumva, ndi thupi lomwe likuti ndakonzeka.

Bwanji pa tenesi ndi gofu amaletsa phokoso pomwe pa mpira timaimba ndi mavuvuzela?

Mbali ina ndi mwambo chabe wa masewerowo, mbali ina ndi mtundu wa phokoso. Chosokoneza kwambiri si kukula kwa phokoso koma kudzidzimutsa kwake. Ng'oma ndi nyimbo zosalekeza pa dabi ya Bullets ndi Wanderers zimasanduka ngati mvula padenga la malata, pakapita kanthawi sumazimvanso, koma munthu mmodzi kutsokomola pabwalo la zii pamene wina akuponya mpira m'mwamba kuti aseve, chidwi chonse chimathawira komweko. Wa tenesi amamveranso kulira kwa mpira pa laketi ya mnzake kuti adziwe mmene ukubwerera. Olumpha mtunda ndiye amachita kupempha okha, amatembenukira kwa oonera nkuyamba kuwomba m'manja pamwamba pa mutu kuti gulu liwapatse kayendedwe ka mapazi, pang'onopang'ono kenako mofulumira mpaka pa thabwa lodumphira.